Tebulo lang'ambika pakati, kukalabu akuti ndi guluu: vuto lili pati?

Funso lomwe landipeza ndi ili, ndalifupikitsa pang'ono: "Tili ndi kalabu ya anthu okonda ukalipentala, si ntchito yathu yeniyeni ayi, timangokumana pakutha pa sabata kuonetsana zomwe tapanga ndi kuphunzitsana. Ine ndinapanga tebulo lodyera, topu yake ndinalumikiza matabwa asanu ndi guluu, mulifupi pafupifupi 900 mm, ndinaimanga pa felemu ndi masikuluwu kuzungulira konse kuti ilimbe. Anthu anaombera m'manja. Patha miyezi inayi, topu yang'ambika pakati ndipo mbali ina yapindika. Kukalabu wina akuti guluu anali wachabechabe, wina akuti makilampu ndinamanga mofooka, wina akuti vanishi. Zoona ndi ziti, ndipo tingamaphunzitsane bwanji zenizeni m'malo momangotsutsana?"

Achimwene, pepani ndi tebulolo, ndikudziwa mmene zimawawira, koma ndiyambe ndi kukuuzani kuti mwa anzanu atatuwo ndikukayika ngati pali amene walasa. Amene wang'amba tebulo lanu mwamutchula nokha m'funsomo osadziwa, ndi masikuluwu aja munati "kuzungulira konse kuti ilimbe", mothandizana ndi madzi omwe anali akadali m'matabwamo. Guluu mwina alibe mlandu olo pang'ono.

Musanakhulupirire ine, pitani mukauyang'ane mng'aluwo bwinobwino, ndi tochi ngati nkotheka. Ngati wadutsa ndendende pa mzere pomwe matabwa awiri anakumana, ndipo mbali zonse ziwiri zili see, zosalala, mwina zikunyezimira ndi guluu wouma, ndiye kuti jointi yanu inali yofooka ndipo mnzanu wa guluu kapena wa makilampu uja ali ndi kamfundo. Koma ngati mng'alu wayenda mkati mwa thabwa lenilenilo, ukukhotakhota kutsata mitsempha yake, kapena wadutsa pafupi ndi jointi koma mukuona timinyenyeswa ta thabwa tatsalira mbali zonse, guluu anagwira ntchito yake mpaka thabwa ndi lomwe linagonja. Guluu woyera wamba uja, PVA, mukalumikiza matabwa mbali ndi mbali mutapala bwino, jointiyo imakhala yolimba kuposa thabwa lomwe. Anthu ambiri sakhulupirira izi mpaka ataswa okha. Ndipo ngakhale zitapezeka kuti ndi pa jointi, dzifunsenibe kuti kodi chinali kukoka ndi chani mpaka jointi ilekane, poti jointi siimangotseguka yokha tebulo lili phee.

Chomwe chinali kukoka ndi ichi. Thabwa silimafa. Mtengo unadulidwa kalekale inde, koma thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya ndi kuchitulutsa moyo wake wonse, mpweya ukanyowa limatupa, ukauma limanyala, chaka ndi chaka, olo litakhala zaka 100. Mtengo wauwisi umakhala ndi madzi a mitundu iwiri, ena amangokhala m'timibowo ta mkati ngati madzi a mu paipi, ena amakhala olowerera m'makoma a timibowoto. Oyamba aja akamatuluka thabwa limangopepuka, kukula kwake sikusintha. Koma chinyezi chikatsika kufika cha m'ma 28 mpaka 30 peresenti, ayamba kutuluka ndi a m'makoma aja, apa ndi pomwe kunyala kumayambira, ndipo kumapitirira mpaka thabwa litafanana ndi mpweya wa pamalo pomwe lili. Mpweya wa chinyezi cha 65 peresenti umasiya thabwa pa 12 peresenti, wa 50 umalisiya cha pa 9, wa 30 umalitsitsa mpaka cha pa 6, ndipo wa 80 umalikweza kufika cha pa 16. Nde mukuona kuti thabwa lomwelo likhoza kukhala "louma" m'shedi yozizira koma "laliwisi" likalowa m'chipinda chotentha chouma.

Chovuta kwambiri nchakuti silinyala mofanana mbali zonse. Mulitali pafupifupi silisintha, 0.1 kapena 0.2 peresenti kuchoka lauwisi mpaka louma gwa, mungoiwalako. Mulifupi ndi momwe muli nkhani. Mukayang'ana kumutu kwa thabwa mumaona mizere yozungulira ija ya zaka za mtengo, eti? Kunyala kotsata mizere imeneyo kumakhala pafupifupi kawiri kuposa kunyala kodula mizereyo kuchoka pakati kupita kukhungwa. Matabwa ambiri omwe timagula amachekedwa mongoyalula chipika, mizere ija imaoneka ngati mauta kumutu kwake, ndipo amenewa ndi omwe amayenda kwambiri mulifupi.

Tiyeni tiwerenge za tebulo lanu. Pa matabwa ochekedwa motero, mitengo yambiri imasintha mulifupi pakati pa 0.2 ndi 0.35 peresenti pa peresenti imodzi iliyonse ya chinyezi, paini ali cha kumunsi, oak ali kumtunda. Titenge 0.25. Topu yanu ndi 900 mm. Tiyerekeze kuti matabwa munawagula ali pa 18 peresenti, zomwe sizachilendo kwa matabwa ongoumitsidwa panja mothamanga, ndiye m'nyumba mwanu atsika kufika pa 11. Kusiyana ndi 7. Ndiye 900 kuchulukitsa ndi 0.0025 kuchulukitsa ndi 7, mupeza pafupifupi 16 mm. Topu yanu imafuna kuchepa ndi 16 mm, kukula kwa chala chanu chaching'ono. Koma inu munaikhomera pa felemu yomwe matabwa ake a m'mbali zazifupi ayenda mopingasa, ndipo iwo mulitali sasintha. Topu ikukoka, felemu ikukana, masikuluwu agwira nganganga. Chinachake chimayenera kugonja basi, ndipo thabwa ndi lofooka kwambiri mukalikoka mopingasa mitsempha, mwadziwira poti nkhwangwa imawaza chipika mosavuta kuchokera kumutu koma kudula mopingasa mumatuluka thukuta. Olo matabwa akanakhala ouma bwino, kusintha kwa 3 kapena 4 peresenti pakati pa nyengo yachinyezi ndi youma kumapereka 7 mpaka 9 mm pa topu yotere, chaka chilichonse, kupita ndi kubwerera.

Ine zinandichitikira pa tebulo langa lachiwiri, ndipo langa linali loipa kuposa lanu chifukwa ndinawonjeza guluu pamwamba pa masikuluwu, kumata topu ku felemu konsekonse ndikumadzitama kuti ili olo njovu ikhalepo. Usiku wina tili mtulo tinangomva phwaa! ngati wina waswa thabwa ndi hamala, ndinadzuka ndi tochi kufunafuna wakuba mpaka kuseri kwa chitseko. Kutacha ndi pomwe ndinaona mng'alu woti nkulowetsamo ndalama yachitsulo, kuyambira kumutu mpaka pafupifupi pakati. Ndinakhala sabata yonse ndikunyoza guluu. Mkulu wina amene anandiphunzitsa zambiri sanayankhule kanthu, anangotembenuza tebulolo miyendo m'mwamba, kuwerenga masikuluwu ndi chala mmodzimmodzi, kenako kundiyang'ana ndi kuseka.

Kupindika kuja nako ndi nkhani yomweyi. Thabwa la mizere ya mauta likamauma, mizereyo imakhala ngati ikufuna kuwongoka, ndiye m'mphepete mwa thabwa mumadzukira kumbali yomwe kunali khungwa, thabwa nkukhala ngati mbale. Apa mnzanu wa vanishi akhoza kukhala ndi theka la choonadi, ndikufunseni: kunsi kwa topu munapakako? Ambiri timapaka makoti atatu pamwamba pomwe anthu aone, kunsi ziii. Zikatero mbali imodzi imapuma msanga ina ikupuma pang'onopang'ono, topu nkupindika. Vanishi, mafuta, penti, palibe chomwe chimatsekeratu chinyezi, zimangochedwetsa, choncho pakani mbali zonse ziwiri ndi kumitu komwe makoti ofanana. Kumutu kwa thabwa ndi komwe madzi amathawira mwachangu, kuposa kakhumi poyerekeza ndi m'mbali, nchifukwa chake ming'alu imakonda kuyambira kumapeto.

Pali mkangano wakalekale womwe ndikudziwa kuti ufikanso kukalabu kwanu, woti polumikiza topu matabwa azisinthanasinthana, lina mauta kuyang'ana kumwamba lina pansi, kapena onse ayang'ane kumodzi. Osinthanitsa amati topu ikapindika imangopanga timafunde ting'onoting'ono, enawo amati bola ipindike uta umodzi waukulu womwe felemu ingaugwire mosavuta. Ine ndinasiya kulimbana nazo, ndimayang'ana nkhope yokongola ya thabwa lililonse ndi komwe puleni ikuyenda bwino osazula, basi. Matabwa akakhala ouma ndipo topu yamangidwa moyenera, njira zonse ziwiri zimagwira. Koma mukapeza matabwa omwe kumutu kwake mizere yaima chilili, ochekedwa molunjika pakati pa chipika, atengeni amenewo pa topu, amayenda theka chabe ndipo sapindika wamba. Ndipo thabwa lomwe lili ndi kamtima ka pakati penipeni pa mtengo, lichekeni muchotse kamtimako, limang'ambika pafupifupi nthawi zonse.

Nanga topu imamangidwa bwanji? Imagwiridwa kuti isadzuke koma imasiyidwa kuti iziyenda cham'mbali. Njira yomwe ndimaikonda ndi ya timatabwa ting'onoting'ono tomwe amati mabatani. Mkati mwa felemu mumasema kangalande pafupi ndi m'mwamba, ndiye kabatani kalikonse kali ndi kalilime kolowa m'kangalandeko, ndipo sikuluwu imodzi imakamangirira kunsi kwa topu. Topu ikatupa kapena kunyala kalilime kamangotsetsereka. Onetsetsani kuti mitsempha ya kabatani ikuyenda kulowera ku kalilime, mukaidula mopingasa kalilime kamathyoka tsiku loyamba, ndiponso kumbali zazitali za tebulo musakalowetse mpaka kugunda, siyani mpata wa 4 kapena 5 mm. Ngati mabatani akukuchedwetsani, pali tizitsulo topindika ngati Z togwira ntchito yomweyo, kapena ingoboolani mabowo ataliatali m'malo mwa ozungulira, kutalika kwake kuloze mulifupi mwa topu, muike washala, sikuluwu muimange mongogwira osati mpaka kulira. Pa mzere wa pakati penipeni pokha ndi pomwe mungamange zolimba, kuti topu iziyenda mofanana uku ndi uku.

Zimenezi si nzeru zatsopano ayi. Mukayang'ana chitseko chakale cha mapanelo, panelo ija siimamatidwa ndi guluu, imangokhala m'ngalande za felemu momasuka, ndipo akalipentala a ku Ulaya anafala nayo njira imeneyi cha m'zaka za m'ma 1400 atatopa ndi mabokosi a matabwa akuluakulu okhomedwa ndi misomali omwe ankang'ambika. Chimodzimodzi kathabwa kopingasa komwe ena amaika kumutu kwa tebulo kuti lisapindike, guluu amapakidwa pakati pokha, kwinako ndi zikhomo za mtengo zodutsa m'mabowo ataliatali. Mukadzaona tebulo lotero m'nyengo ina kathabwako katatulukira pang'ono m'mbali, nyengo ina katalowa mkati, musati mmisiri analakwitsa muyeso, ndiye kuti anadziwa chomwe amachita.

Tebulo lanulo silinafe. Masulani topu yonse, muisanjike pa timitengo kuti mpweya uzidutsa pansi ndi pamwamba, m'chipinda momwe tebulolo limakhala, kwa masabata awiri kapena atatu, nthawi zambiri kupindika kumabwerera kokha pang'ono ikamasuka. Kenako chekani motsata mng'alu kuchoka kumutu mpaka kumutu, palani mbali ziwirizo ziwongoke, mulumikizenso. Mutaya mamilimita angapo mulifupi, palibe adzadziwe. Musayese kuthira guluu mu mng'alu nkufinya ndi makilampu mwamphamvu, mukungobwezera mphamvu yomwe ija m'thabwa, lidzang'ambika pambali pake. Phala la utuchi ndi guluu nalo ndi bodza la miyezi iwiri. Ngati mng'alu ndi waufupi ndipo mwaukonda mmene ukuonekera, mutha kuusiya nkuumanga ndi kachidutswa kooneka ngati gulugufe kolowetsedwa mopingasa, mmisiri wa ku America George Nakashima anatchuka nazo zimenezi pa matebulo ake a matabwa akuluakulu, koma dziwani kuti kusema bowo la gulugufe lokwana ndendende kumafuna chizulo chakuthwa zedi ndi mtima wodekha.

Polumikizanso, jointi yesani youma kaye. Gunditsani matabwa awiriwo muyang'ane kowala, kuwala kusadutse. Ine ndimapala kuti pakati pakhale kampata kochepetsetsa, koti pepala lopyapyala lilowe movutikira, ndiye kilampu ya pakati ikatseka kumitu kumakhala kofinyika kale, komwe ndi kumene jointi imakonda kutsegukira. Makilampu ntchito yake ndi kugwira, osati kuwongola thabwa lokhota. PVA amakupatsani mphindi 5 mpaka 10 asanayambe kugwira, choncho zonse zikhale pafupi musanatsegule botolo, makilampu muike mosinthanitsa ina pansi ina pamwamba, mumange mpaka timadontho ta guluu tituluke mzere wonse, musiye ola limodzi osachepera, ndipo musaikhulupirire ndi katundu mpaka patatha maola 24. Musathamangire kupala kapena kukwecha ndi sandipepa tsiku lomwelo, madzi a mu guluu amatupitsa thabwa pa mzerepo, mukasalaza lisanaume pamadzatsala kangalande likanyala.

Tsopano za kalabu, zomwe kwa ine ndi funso lalikulu kuposa tebulo. Vuto la makalabu ambiri, ndipo ndakhalamo angapo, ndi loti timabweretsa zinthu tsiku lomwe zatha kumene, vanishi akadanunkha, aliyense nkuti eee zokongola, kujambula, kutumiza pa WhatsApp, basi. Koma chinthu cha thabwa chimayesedwa ndi nyengo, osati ndi maso a tsiku loyamba. Ndiye amene anakuomberani m'manja aja akanatha kukupulumutsani akanangogwada nkuyang'ana kunsi, koma palibe anagwada poti tinazolowera kuyang'ana pamwamba ndipo timaopa kukhumudwitsana. Langizo langa loyamba ndi lakuti tebulo long'ambikalo mulinyamule mupite nalo kukalabu musanalikonze, muligoneke chagada pa benchi, anthu aone okha. Mudzaphunzitsa anthu ambiri ndi mng'alu umenewo kuposa ndi tebulo lililonse labwino lomwe mudzapange. Ndipo mukayamba inu, amene munaomberedwa m'manja, mudzaona ena akutulutsa timadirowa tomwe tinakana kutseguka mvula itayamba ndi timipando togwedera tomwe anatibisa kuseri kwa nyumba. Pangani lamulo loti chilichonse choonetsedwa chitembenuzidwe, ndipo chibwerenso pakatha chaka.

Chachiwiri, mkangano womwe ungathe kuyesedwa musamaumalize ndi pakamwa. Wina akuti guluu uyu ndi wofooka? Chabwino, aliyense atenge zidutswa ziwiri, alumikize mmene amachitira kwawo, alembe dzina, sabata yamawa muziike pa vayisi muziswe ndi hamala pamaso pa onse muone pomwe zathyokera. Chitaninso ndi zolumikiza mutu ndi mutu, mudzaona zikungolekana ngati masewera, chifukwa kumutu kumamwa guluu ngati udzu womwera, nchifukwa chake pa ngodya timasema motisi ndi tenoni, bowo pa thabwa lina ndi lilime lolowamo pa linzake, kuti mbali ikumane ndi mbali. Tenoni ikhale pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kunenepa kwa thabwa, ilowe ndi dzanja kapena kugogoda pang'ono, osati yochita kukhomerera. Majointi amenewa ndi dovetail yomwe, jointi ya mano olowana ooneka ngati mchira wa nkhunda, amapezeka pa mipando ndi mabokosi a ku Egypt wakale, zinthu za zaka zoposa 3,000, pomwe kunalibe PVA.

Kuyesa kwina komwe ndimakukonda, kosafuna ndalama: dulani kachidutswa ka thabwa lalikulu mulifupi, mwina 250 kapena 300 mm, kakafupi mulitali, mukapachike pakhoma pomwe mumakumana. Tsiku lililonse lokumana wina ayeze mulifupi mwake pa malo amodzimodzi, akaike pa sikelo ya kukhitchini, alembe deti, mamilimita ndi magalamu pa kathabwa komweko ndi pensulo. Pakatha miyezi 12 simudzafunanso katswiri wokuuzani kuti thabwa limapuma, ndipo mudzadziwa manambala a malo anu enieni, omwe ine pano sindingakupatseni. Ngati kalabu ingasonkhe kugula chida chimodzi cha onse, isanagule makina aliwonse igule moisture meter, kachida koyezera chinyezi m'thabwa, ka timisomali tiwiri. Poyeza dulani kaye pang'ono kumapeto mubaye mkati, chifukwa kunja kumauma msanga nkumakunamizani. Palibe mita? Dulani kachidutswa kutali ndi kumutu, kayezeni kulemera, kaikeni mu uvuni pa moto wochepa cha pa 103 digiri Celsius mpaka kulemera kusiye kutsika, ndiye chotsani kulemera kouma pa kwauwisi, gawani ndi kouma, chulukitsani ndi 100. Kanali magalamu 118 katsika kufika 100, ndiye kuti thabwa lanu linali pa 18 peresenti. Khalani pomwepo osachoka, ndi thabwa lili mu uvuni limenelo.

Ndipo gulani matabwa msanga kuposa mmene mukufunira. Lamulo lakale limati chaka chimodzi pa 25 mm iliyonse ya kunenepa ngati mukuumitsa ndi mpweya kuchokera kuuwisi, si lenileni ndendende, paini amafulumira, mitengo yolimba yolemera imachedwa, bulugamu ndiye amavuta mwapadera, amapotoka ndi kung'ambika mukamuthamangitsa. Sanjikani pamthunzi, pokwera osagunda pansi, timitengo tolekanitsa ta 20 kapena 25 mm pa mtunda wa theka la mita, tili pamzere umodzi kuchoka pansi mpaka pamwamba, kumitu mupake penti yotsala kapena phula, pamwamba muike cholemera. Kenako musanayambe ntchito alowetseni m'nyumba masabata angapo. Kalabu ili ndi mwayi apa womwe munthu payekha alibe, mutha kukhala ndi mulu umodzi wa onse, wolembedwa madeti, wa chaka chino ukuuma mukugwiritsa wa chaka chatha.

Pa kaphunzitsidwe, pewani zoti munthu mmodzi wodziwa kuyankhula aziima kutsogolo ola lathunthu. Ukalipentala umalowera m'manja. Ku Australia kuli ma Men's Shed, malo okumanirako abambo kugwira ntchito zamanja limodzi, omwe anayamba m'zaka za m'ma 1990 ndipo afalikira maiko ena monga Ireland ndi UK, mfundo yawo yaikulu ndi yoti anthu amamasuka kuyankhula akamagwira ntchito moyandikana pa benchi kusiyana ndi kukhala moyang'anizana pa mipando, ndipo ine ndaona kuti ndi zoona kwa abambo ndi amayi omwe. Wophunzitsa aonetse mphindi khumi, kenako chida chipite m'manja mwa amene sanachigwirepo, iye manja m'thumba. Kumavuta kumeneko, manja amayabwa kufuna kulanda. Tsiku limodzi lipatuleni likhale longonola basi, aliyense abwere ndi zizulo ndi mpeni wa puleni yake, kumbuyo kusalazidwe kaye kukhale fulati, kutsogolo madigiri 25 kenako kansonga pa 30, muyese podula kumutu kwa paini, ngati chikusiya posalala osaphwanya ndiye kuti chanoleka. Theka la mavuto omwe atsopano amati "ndilibe luso" ndi chida chobuntha, amakankha ndi mphamvu, chida nkuterereka, jointi nkuonongeka, pena chala chomwe.

Poti ndatchula chala, zinthu zitatu zokha zomwe sindimanyengerera pa malo ogwirira anthu ambiri. Nsanza zopakira mafuta a linseed zimatha kuyaka zokha zikaunjikidwa, chifukwa mafutawo akamauma amatulutsa kutentha, ziyanikeni chotambasula panja kapena zivikeni m'madzi m'chitini chotseka, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika amene amayang'ana izi asanakhome chitseko. Fumbi la matabwa si dothi wamba, bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linaliika m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mu 1995, makamaka ya m'mphuno, choncho masiki pokwecha si manyazi. Ndipo ngati muli ndi sowo ya patebulo, kampeni ka kuseri kwa bleidi kaja, koletsa thabwa kupana bleidi, kasachotsedwe, munthu asaime kumbuyo kwa thabwa molunjika, ndipo wina akamacheka ena asamuyankhulitse. Thabwa losauma bwino kapena lokhala ndi mphamvu mkati limatha kutseka nkupana bleidi likamachekedwa, makina nkulibweza ngati mwala wa legeni, ndiye kumbukirani zimenezi tsiku lomwe muzidzacheka topu yanuyo motsata mng'alu, bola muchite ndi sowo yamanja kapena yozungulira yoyendetsa pa thabwa lowongoka, topu itagonekedwa ndi kugwiridwa bwino mbali zonse ziwiri, kathabwa kakang'ono kosongoka kali pafupi koti mulowetse m'mzere wochekawo ukayamba kutseka.

Mnzanu wa guluu uja musamuchititse manyazi pagulu, mupatseni hamala ndi zidutswa zoyesera aswe yekha. Ndipo mukamasula topu, musanachite china chilichonse, yezani mulifupi mwake pano muyerekeze ndi 900 mm munayamba nayo ija, muphatikize ndi kukula kwa mng'alu, komanso muyang'ane mabowo a masikuluwu a m'mphepete ngati sanakokeke kukhala ngati dzira kapena masikuluwuwo kupindika kuloza pakati. Mundilembere nambala yomwe mupeze ndi mtundu wa mtengo, ndikuuzani mpata woti musiye pa mabatani.